Tsiku Limene Ndinamugwira Mng'ono Wanga

Amuna anga anali ozimitsa moto ku Katete, ndipo ku Katete kunalibe galimoto yozimitsira moto. Musavutike kuseka, ine ndinaseka kale mokwanira tonse. Khonsolo inawatumiza ku maphunziro kutali, kumene kumadutsa njanji, ndipo patatha miyezi ingapo anabwerako ndi chisoti cholimba, wezulo, kabokosi kachitsulo ka mabandeji, ndi mutu wodzaza malamulo. Galimoto yofiira anaiona komweko n'kuisiya komweko. Kuno anapatsidwa njinga.

Ntchito yawo inali kuyenda m'masitolo, m'maofesi ndi m'masukulu, kuona ngati ndowa zofiira zili pamalo pake, zodzaza mchenga. Chilimwe chikafika ankapalasa mpaka ku Sinda kukauza anthu kuti alambule kuzungulira nkhokwe, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Akapeza anthu atatu ataima pamodzi, basi atsika panjinga, sukulu yayamba. Wopsa umamuthira madzi ozizira, osati mazira, osati mchere, osati ndowe. Mafuta akayaka suthirapo madzi, umakwirira ndi mchenga. Anthu ankamvetsera mwaulemu, poti anali munthu wosadziwa kukwiya, kenako ankapita kukachita zomwe ankachita kale.

Pamsewu waukulu panali bambo wina wa sitolo, Msilamu wobadwira ku Malawi, wandevu zoyera. Iwowo ndowa yawo yofiira ankasungiramo misomali. Amuna anga akafika ankakhuthula misomaliyo n'kukatapa mchenga kuseri, koma sabata yotsatira ankapeza misomali yabwereramo.

"Achimwene, musadandaule," ankatero bambo wa sitoloyo. "Moto ukafika pano ndidzaukhomera pakhomo."

Akatero ankaitanitsa tiyi, awiriwo n'kumwa. Zinayenda chomwecho zaka ndi zaka, palibe anagonja.

Inenso sindinali wabwinoko. Pakhonde pathu panali ndowa yofiira, ndipo mchenga wake unali wosalala, wa kumtsinje, wokwechera mapoto bwino kwambiri. Ndinkatapako pang'onopang'ono. Ndinkati m'nyumba ya ozimitsa moto, moto ungalowe ndi manyazi otani.

Koma nkhani yanga si ya ndowa. Ndi ya mng'ono wanga.

Tinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, atsikana awiri okha. Tinkagona pamphasa imodzi, kufunda bulangete limodzi, ndipo usiku uliwonse ankandiponda ndi miyendo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ine khumi ndi ziwiri, anayamba kugwa khunyu. Amayi anayenda naye kwa asing'anga, anayenda naye kumapemphero, anagulitsa mbuzi zonse. Musaganize kuti sankamukonda. Koma iwo omwewo ndi amene anandikhazika pansi n'kundiuza zimene aliyense kwathu ankadziwa: wakhunyu akagwa sakhudzidwa. Thovu la m'kamwa mwake likakugwera, kapena akaphwisa iwe n'kupuma mpweyawo, nthendayo yasamukira mwa iwe. Akagwa umathawira kumene kukuchokera mphepo, n'kudikira kuti zithe.

Akagwera pamoto, lamulo linali lomwelo. Amene anali ndi mtima ankafuna mtengo wautali n'kumukankha nawo. M'mudzi mwathu munali bambo wina wa phazi lopinimbira ngati chitsa, ndipo tonse tinkadziwa kuti linapsa anthu akuonerera.

Choncho mng'ono wanga anapatsidwa kapu yake, mbale yake, mphasa yake pafupi ndi chitseko. Ndinena poyera, poti ndakalamba ndipo palibe wondimenya: kuyambira chaka chimenecho sindinamukhudzenso ndi dzanja langa. Ngakhale ali bwinobwino, akuseka. Chinthu ndinkamuikira pansi, iye n'kutola. Tsitsi ankadziluka yekha, mizere yokhotakhota, ndipo ine ndinkamuseka. Timati chibale n'fupa sichiola, koma changa ndinachiyanika kutali ndithu.

Amayi atamwalira, abale onse anayang'ana pansi. Amuna anga ndi amene anati, "Mlamu abwere kwathu." Anabwera ndi kamtolo ka zovala, kapu yake ndi mbale yake, poti ankadziwa malo ake. Tsiku lomwelo, tili pakhonde, amuna anga anatenga kapu ija, anatunga madzi mumtsuko n'kumwa onse, maso ali pa ine.

Ndinawakokera kuseri kwa nyumba.

"Inu, mutu ukuyenda bwino?"

"Mayi, kumaphunziro kuja kunabwera adokotala enieni. Nthenda iyi imakhala m'mutu mwa mwini wake. Siyenda m'malovu, siyenda mumpweya."

"Adokotala anuwo ali ndi abale ogwa?"

"Kaya iwo. Ine ndili ndi mlamu."

Ndinawanena madzulo amenewo, ndinawanena mpaka mawu anandithera, iwo akungopopa njinga. Munthu wosakwiya amatopetsa, abale.

Mng'ono wanga ankagwa kamodzi kapena kawiri pamwezi. Akagwa amuna anga alipo, ankagwada pambali pake, kuchotsa chilichonse chimene angadzipweteke nacho, kupinda jekete n'kumuikira kumutu. Kugwedezeka kukatha ankamugoneka chammbali, n'kukhala pompo mpaka atsegule maso. "Mwabwerako, alamu? Kuli bwanji kumeneko?" Ine nthawi yonseyo ndili pakhomo, chitenje chili pamphuno. Pambuyo pake ndinkawapatsa sopo kuti asambe manja asanalowe m'nyumba. Ankasamba akuimba mluzu. Chaka chinatha osagwa iwo, ndipo ndinati nthenda imadziwa kubisala.

Awiriwo anagwirizana moti nthawi zina ndinkapsa mtima. Mng'ono wanga anali ndi pakamwa kuposa ine. Ankavala poto kumutu, kuima pakati pa bwalo, manja kumbuyo, n'kuyamba: "Amayi ndi abambo, mafuta akayaka..." Mawu ake enieni, ndi katsokomoledwe komwe. Amuna anga ankaseka mpaka kupukuta misozi. Lamulo anamupatsa limodzi lokha. Asese, achape, asoke, atongole mtedza, achite chimene akufuna, koma pamoto ndi pachitsime asafikepo. Iye ankati, "Alamu, ndiye ndidzakwatiwa ndi ndani, mkazi wosaphika?" Iwo ankati, "Ndi wophika."

Ine ndinkakazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsika. Chaka chachisanu cha ukwati wathu ndinaima, titadikira mpaka anthu kuyamba kunong'ona. Mimba ija ndinkayenda nayo ngati ndasenza mazira. Itafika miyezi isanu ndi iwiri, fungo la mafuta a saladi linayamba kundidana. Ndikangoika chiwaya pamafuwa, mtima unkabwera kukhosi.

Linali tsiku lotentha, mvula isanayambe, masana dzuwa litapendeka pang'ono. Amuna anga anali atapita ku Sinda m'mamawa. Ndinali nditakanda kale ufa, chiwaya chili pamoto panja pa khitchini, ndipo ndinali nditasanza kawiri. Mng'ono wanga anasiya zosoka zake.

"Akulu, khalani pamthunzi. Ndikazinga ndine."

"Alamu ako anakana."

"Alamu ali ku Sinda. Ndagwa dzana, sindingagwenso lero. Ndipo zitumbuwa zanu sindizikhudza ndi manja, ndigwira chipande chokha."

Mawu omalizawo ndi amene anandigonjetsa, taonani mmene mutu wanga unkayendera. Sindinaganize za moto. Ndinaganiza za manja ake pa chakudya. Ndinapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo iye anakhala pachitsa, chipande m'manja. Anali atatha zaka zambiri osaphika kanthu. Ankatembenuza zitumbuwa zija akuimba, n'kumandifunsa ngati zafiira mokwanira. Sindinamuonepo atakondwa chotero.

Kenako ndinamva kulira kuja. Amene anakhalapo ndi wakhunyu amakudziwa, kulira kumodzi kwakufupi, kochokera pansi pa chifuwa. Anauma thupi lonse, n'kugwera kutsogolo chammbali. Chigongono chinamenya chiwaya, mafuta anakhuthukira pankhuni, moto unalumpha kufika msinkhu wa munthu. Dzanja lake lamanja linali pakati pa mafuwa, ndipo chitenje chinagwira moto m'mphepete.

Ndinakuwa. Amayi atatu oyandikana nafe anathamanga, koma atafika pamtengo wa mango anaima onse ngati pali mpanda. Mmodzi anandigwira mkono.

"Musayandikire, muli ndi pakati. Ganizani za mwana."

Ndipo ndinaganiza za mwana. Ndinaima. Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji, mwina yopuma kasanu, mwina kakhumi. Mng'ono wanga anali kugwedezeka, dzanja lili pamoto, ine nditagwira mimba ndi manja awiri. Nthawi imeneyo ndakhala nayo moyo wanga wonse, ndipo sindinaipeputsepo pouza munthu.

Ndikanakonda kunena kuti ndinakumbukira maphunziro a amuna anga, kapena kuti chikondi chinandikankha. Bodza. Chinandisuntha ndi mkwiyo. Mayi wachiwiri anali atathamangira kumpanda n'kuzula nsungwi yaitali. Anaima patali, nkhope atatembenuzira kumbali, n'kuyamba kumukankha nayo mng'ono wanga m'nthiti, monga mmene timakankhira galu wakufa kumuchotsa panjira. Nsungwi inaterereka, anakankhanso. Magazi anandikwera kumutu.

"Chotsani chimenecho. Ameneyo ndi mwana wa amayi anga."

Ndinakutumula mkono wanga. Wachitatu anali atanyamula chidebe cha madzi kuti akhuthulire pamafuta oyakawo, ndipo ndinamukalipira mawu amene sindingawalembe pano, mpaka anachiika pansi. Ndinalowetsa manja m'khwapa mwa mng'ono wanga n'kukoka. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo thupi lake linkandimenya m'mimba. Thovu linandigwera pamkono, mutu wake utagwedezeka linandifika patsaya. Ndinalimva, lofunda. Ndinakokabe mpaka pamthunzi. Pamtsuko wamadzi tinkafundikapo saka lonyowa kuti madzi azizizira. Ndinalitenga n'kukulunga nalo chitenje choyakacho, n'kupsinja ndi manja mpaka utsi wokha.

Moto unali ukulowera ku udzu wa khitchini. Ndinathamangira ndowa yofiira, ndipo ndinapeza mchenga wofika m'chiuno mwa ndowa basi. Ndinadzitukwana. Ndinakhuthula umene unalipo, wotsala tinakwirira ndi dothi la pabwalo, amayi aja akukumba ndi mbale. Pa dothi anandithandiza ndi mtima wonse. Sanali anthu oipa, ankaopa chimene inenso ndinkaopa.

Kugwedezeka kutatha ndinamugoneka chammbali, monga ndinkaonera ndili pakhomo paja. Dzanja sindilifotokoza. Ndinakoka beseni, ndinathiramo madzi a m'chidebe chija, n'kuviikamo dzanjalo mpaka m'chigongono. Apo ndiye malangizo anayamba kugwa ngati mvula. Wina anati mazira aawisi, wina anati inki ya ana asukulu. Gogo wina wa kuseri anafika ndi mchere m'chikhatho, atatsimikiza ndithu.

Amuna anga ankati dzanja lopsa lisatuluke m'madzi msanga, ndipo poti anthu analibe mawotchi, ankawauza kuti aimbe nyimbo yaitali ya m'buku la kutchalitchi, mavesi onse, katatu. Ndinkawaseka nazo zimenezo. Tsiku limenelo ndinaimba. Mamina ali mbwee, ndikusintha madzi akafunda, koma ndinaimba, ndipo pofika pakati amayi awiri aja anayamba kundithira mang'ombe ali chiimire patali. Gogo wa mchere anaima nawo mpaka unasungunuka m'manja.

Mmodzi ndinamutuma kwa bambo wa sitolo uja, poti ndi iwo okha amene ndinkawadziwa kuti ali ndi vaneti. Anatseka sitolo dzuwa likanali, anafika ataika kumbuyo matiresi atsopano a m'sitolo, pepala lake likadalipo. Pofuna kumunyamula mng'ono wanga, anthu onse amene anali atadzaza pabwalo anabwerera m'mbuyo. Bambo aja anayang'ana uku ndi uku, anakwinya manja a mkanjo wawo, n'kugwira kumiyendo.

"Mlamu wa mnzanga ndi mlamu wanga," anatero. "Gwirani kumutu, amayi."

Ulendo wonse wa kuchipatala ndinakhala kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo panga, utatsamira mimba. Mwana ankatakataka m'kati, kumenya pomwe panali mutu wa amayi ake aang'ono. Musaganize kuti mantha anali atatha. Ndinkapukuta tsaya lija ndi chitenje mpaka linatentha, ndipo ndinkadzimvetsera ndekha m'thupi, kudikira kuti mwina ndiyamba kuuma.

Kuchipatala anesi anafunsa amene anaviika dzanja m'madzi, ndipo anati ameneyo walipulumutsa. Zala ziwiri zokha, chaching'ono ndi chinzake, ndi zimene zinapindika osawongokanso. Zala ziwirizo ndi nthawi ija ndinaima pansi pa mango, palibe anandiuza koma ndikudziwa. Anandimanganso ine bandeji, poti mkono wanga unali utapsa osadziwa ine.

Amuna anga uthenga unawapeza panjira, ndipo anafika m'mawa mwake, fumbi lili m'nsidze, chisoti chili m'manja. Ndinali nditakonzeka kuti lero lokha andikalipire, ndipo ndinkafuna atatero. Ndinawauza zonse, za chipande, za kuima kwanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anagwira mkono wanga wa bandeji n'kuutembenuza.

"Munaimba kangati?"

"Kanayi."

"Katatu kakanakwana."

Ndinawamenya paphewa ndi dzanja labwinolo, kenako ndinalira pa jekete lawo, pakhonde la chipatala, anthu akudutsa. Ndili mkati molira ndinaulula ndi za mchenga zomwe. Anati ankadziwa kalekale, ankawonjezeramo Loweruka lililonse, kungoti sabata imeneyo mapoto anga anawaposa liwiro.

Kuti mtima wanu ukhale pansi, mwanayo anabadwa patatha miyezi iwiri, wamkazi, wolira ngati wezulo wa bambo ake. Sanagwepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo inenso sindinagwepo. Kuchipatala komweko anamuyambitsa mng'ono wanga timapiritsi toyera, ndipo kugwa kunachepa kwambiri. Koma zonsezo zinadza pambuyo. M'mawa umenewo sitinkadziwa kanthu.

Tinalowa m'chipinda cha odwala. Mng'ono wanga anali atadzuka bwinobwino, dzanja lili pamtsamiro, lokulungidwa ngati mwana. Wakhunyu sakumbukira za nthawi imene wagwa, choncho iye ankangodziwa kuti anali kukazinga, kenako anadzuka pabedi. Ataona amuna anga anayesa kumwetulira.

"Alamu, ndinaphwanya lamulo. Zikomo pondichotsa."

"Ine ndinali ku Sinda, alamu."

"Nanga ndani?"

Amuna anga anangosuntha pang'ono kuti ndioneke, poti ndinali nditaima kumapazi a bedi, pamtunda umene ndinazolowera. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana bandeji.

"Ndi nsungwi?" anafunsa.

"Ndi manja."

Ndinkayesa akondwa. M'malo mwake nkhope yake inagwa, maso anapita pamimba panga.

"Akulu, mwalakwitsa. Nanga mwana?"

Apo ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizepo zaka zonsezo. Iyenso ankakhulupirira. Pamene ine ndinkamuthawa, iyenso ankadzisunga kutali ndi ine, kuti angandipatse. Kuseka konse kuja, poto kumutu, anali munthu wodziyesa poizoni m'nyumba ya mkulu wake.

"Mwana ali bwino, akumenya," ndinatero. "Alamu ako amwera kapu yako zaka zingati, agwa?"

"Alamu ndi ouma mutu, nthenda singalowe."

Amuna anga anaseka, n'kunena kuti akukaona njinga, ngakhale njinga inalibe vuto. Tinatsala awiri. Mng'ono wanga anayang'ana kudenga.

"Ndiye munandigwira," anatero.

"Ndinakugwira. Ndinakukoka mpaka pamango, ndipo m'galimoto unagona pamiyendo panga."

"Ine sindinamve kanthu." Anatembenuzira nkhope kwa ine. "Zaka zonsezi, ndiye mukandigwire ine kulibe."

Ndinazungulira bedi n'kukhala m'mphepete. Iye anasunthira kukhoma, mwachizolowezi, kundipatsa malo oti ndisamukhudze. Sindinama, mantha a zaka khumi ndi zisanu satha ndi tsiku limodzi. Ndinatambasula dzanja n'kugwira lake lamanzere, labwinolo. Linali lozizira, ndipo poyamba linangokhala lowuma m'dzanja langa. Kenako zala zake zinayamba kuyenda, kupapasa chikhatho changa, mfundo za zala, zipsera za mafuta a zitumbuwa, chimodzichimodzi.

"Akulu," anatero, "manja anu akula."

Anesi atabwera ndi mankhwala anatipeza tili chomwecho, ndipo anachita kumumwetsa okha, poti dzanja limodzi linali m'bandeji, linalo sanafune kulibweza.